Galimoto yeniyeni, nkhope ya chidole: matsenga a Tintin

Tsiku lina ndili mu Limbe ndidatola buku la Tintin kwa mavenda, chikuto chitathothoka kale. Ndidapita nalo kwa mnzanga wina yemwe amajambula zikwangwani za malo ometera. Atalitsegula adaseka chikhakhali.

"Aise, taona galimoto iyi, mpaka mabauti a matayala akuoneka. Koma mwini nkhani maso ake ndi timadontho tiwiri basi!"

Ndiye luso lake limenelo. Mkulu yemwe adayambitsa Tintin mu 1929 ku Belgium, Georges Remi, wodziwika kuti Hergé, ankajambula nyumba, sitima ndi ndege molondola ngati chithunzi cha kamera, koma anthu ake n'kukhala akatuni. Nkhope yopanda zambiri ngati imeneyi aliyense amadzionamo, pomwe msewu ndi galimoto zikukutsimikizira kuti zomwe ukuwerengazo zikuchitika padziko lomwe lino. Pokonza nkhani yopita kumwezi, yomwe buku lake lidatuluka mu 1954, adachita kupangitsa kachifanizo ka roketi kuti asaphonye m'kati mwake. Apo n'kuti kutatsala zaka 15 kuti munthu apondeko.

Koma abale anzanga, matsengawa ali ndi mbali ina yowawa. Mu 1931 mudatuluka buku la Tintin ali ku Congo. Hergé anali asanapondeko ku Congo. Sitima ya pamadzi ndi galimoto adajambula bwinobwino, koma anthu akuda adawapatsa milomo ikuluikulu, maso otong'oka, nzeru zachibwana. Tsono mwana wa mzungu poona kuti sitimayo ndi yoona, akanakayika bwanji kuti munthu wakudayo ndi wabodza? Ine buku limeneli limandinyansa, sindibisa. Anthu adakasuma kuti liletsedwe, koma mu 2012 khoti la ku Belgium lidakana.

Chomwe chidamutsegula maso mkuluyu ndi mnyamata wa ku China, Zhang Chongren, yemwe ankaphunzira zaluso ku Brussels. Adakumana mu 1934. Zhang adamuuza mosapsatira kuti zomwe azungu ankakamba za Matchaina zambiri zinali nkhambakamwa. M'buku la The Blue Lotus la mu 1936, misewu ya Shanghai ndi yeniyeni, ndipo zolembedwa pazipupa ndi Chitchaina chowerengeka, zina zodzudzula Japan yomwe idalanda Manchuria. Akazembe a Japan adakwiya nazo. Chodabwitsa n'chakuti m'buku lomwelo Matchaina adatuluka ngati anthu, koma Ajapani ambiri adawapatsabe mano otuluka ngati a mbewa. Chizolowezi sichitha msanga eti.

Mnzanga uja adabwereka bukulo. Nditadutsa pamalo pake patatha masiku atatu ndidapeza akupenta chikwangwani: makina ometera owala ngati a m'sitolo, koma kasitomala mutu ngati dzungu. Mwini malo akuti adakana kulipira mpaka mutuwo auchepetse.