Kugula ndi Kusunga Galimoto ya Banja

Tiyerekeze kuti kuno ku Wenya kuli bambo wina amene wangopuma kumene pa ntchito ya uphunzitsi. Ndalama zake zopumira ntchito zafika. M'khola muli ng'ombe zisanu. Madzulo ena, atatha kudya, akuuza mkazi wake kuti:

"Amayi, ine ndaganiza zogula galimoto. Tatopa nazo za matola ndi kabaza. Mwana akadwala usiku tizingonyamuka basi, mpaka ku chipatala cha ku boma."

"Zimenezo nzabwino, abambo. Koma tandiuzani, galimotoyo izidzadya chiyani? Ng'ombe zimadya msipu waulere. Nanga iyoyo?"

Funso la mayiyu ndi lofunika zedi. Kugula galimoto ndi kwa tsiku limodzi, koma kuisunga ndi kwa masiku onse. Tiyeni tione zimene banja liyenera kudziŵa lisanagulitse ziŵeto kapena kutapa ndalama ku banki.

Kodi saluni ndi galimoto yotani?

Galimoto imene mabanja ambiri amaifuna ndi ija timaitcha saluni. Ili ndi zitseko zinayi ndi buti yoikamo katundu kumbuyo. Imanyamula anthu asanu, kuphatikizapo woyendetsa. Pali saluni zazing'ono, zapakati ndi zazikulu. Zapakati ndi monga Toyota Premio, Toyota Allion, Toyota Camry ndi Nissan Bluebird. Akuluakulu akukumbukiranso Peugeot 504, imene inatchuka pa miseu ya mu Africa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980.

Premio ndi Allion ankazipanga ku Japan kuyambira mu 2001 mpaka mu 2021. Choncho iliyonse imene mungaione pa malonda lero inayendapo kale ndi munthu wina. Kukula kwa injini amakuyeza ndi zilembo ziŵiri izi: cc. Pali injini za 1500cc, za 1800cc ndi za 2000cc. Injini yaikulu ili ndi mphamvu zambiri pokwera mapiri, koma imamwanso mafuta ambiri, ndipo msonkho wake ndi wokwera.

Yambani mwaona mseu wanu

Kuchokera ku Karonga kufika ku Chitipa boma pali mseu wa phula wa makilomita pafupifupi 100, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la China. Pa mseu wotere saluni imayenda bwino kwabasi. Koma miseu yambiri ya kuno kwathu, ya ku Chisenga, Wenya ndi Nthalire, ndi yadothi. Pamenepa mpamene pali nkhani.

Saluni ndi galimoto yaifupi. Kuchokera pansi kufika pa mimba yake pali masentimita 15 kapena 16 okha. Umenewu ndi utali wa cholembera chanu chija. Pikapu imaposa masentimita 20. Mukakweza anthu asanu ndi matumba aŵiri a chimanga, saluni imatsikanso. Kunsi kwa injini kuli chibeseni chosungira oilo, chimene amakaniko amachitcha sampu. Mwala ukaboola sampu, oilo yense amatayika. Mukapitiriza ulendo osadziŵa, injini imanoka, ndipo kuikonza kwake kungakudyereni ng'ombe.

Chinanso ndi ichi: saluni zambiri zimakoka ndi matayala aŵiri akutsogolo okha. Nthaŵi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, zimatitimira m'matope kapena kuterera pa chitunda. Tsono dzifunseni kuti: kodi mseu wofika pakhomo panga ndi wotani mu Febuluwale? Ngati galimoto idzalephera kutuluka nthaŵi imene malungo amachuluka, ndiye kuti sidzagwira ntchito imene mwaigulira. Mwina kwa inu pikapu, kapena galimoto ina yaitali msinkhu, ndiyo ingathandize.

Kumene magalimoto ameneŵa amachokera

Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amachokera ku Japan. Kumeneko lamulo limafuna kuti galimoto iziyesedwa zaka ziŵiri zilizonse, ndipo kuyesako nkokwera mtengo. Nchifukwa chake ambiri amagulitsa magalimoto awo akadali abwino. Ku Japan amayenda kumanzere kwa mseu monga ife, ndipo chiongolero chili kumanja, motero magalimoto awo amatiyenera.

Galimoto yobwera kuno kumpoto imatsika sitima pa doko la Dar es Salaam ku Tanzania. Kuchoka pamenepo dalaivala amaiyendetsa makilomita pafupifupi 900, kudzera dera la Mbeya, mpaka pa chipata cha Songwe m'boma la Karonga.

Mtengo umene mwauona pa chithunzi cha pa foni si mtengo wonse ai. Ŵerengani zolipira izi:

1. Mtengo wa galimoto ndi wa sitima yoibweretsa ku Dar es Salaam.
2. Zolipira pa doko.
3. Malipiro a dalaivala ndi mafuta ofikira ku Songwe.
4. Msonkho wa boma, umene amatolera a Malawi Revenue Authority, kapena kuti MRA.
5. Malipiro a ejenti wolongosola mapepala pa chipata.
6. Zolembetsera galimoto ku ofesi ya Road Traffic, ndi kudulitsa nambala. Nambala za boma lathu la Chitipa zimayamba ndi CP.

Msonkho umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Galimoto yakale kwambiri imalipira msonkho wochuluka, ndipo nthaŵi zina msonkhowo umafanana ndi mtengo umene munaigulira ku Japan, kapena kuposa. Funsani ku MRA kuti msonkho udzakhala wotani musanatumize ndalama iliyonse. Safunsa anadya phula.

Kumbukiraninso kuti a ku Japan amafuna madola, osati makwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Pa nthaŵi yachiŵiriyi dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku mabanki. Tiyeni tichite samu. Galimoto ya madola 4,000 inali K4,720,000. Kutacha inali K6,800,000. Amene analibe ndalama zapadera anasoŵa pogwira. Choncho musamayambe ulendowu ndi ndalama zongokwanira ndendende.

Kugula kwa munthu konkuno

Ena amagula galimoto imene ili kale m'dziko muno, ku Karonga, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Ubwino wake ngwakuti mumaiona ndi maso ndi kuiyesa pa mseu. Koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Penti wonyezimira amabisa zambiri. Chitani izi:

Pitani ndi makaniko wanu amene mumamkhulupirira, osati amene wabwera ndi wogulitsa. Kaioneni masana, injini itazizira. Galimoto yodwala imavuta kulira mmaŵa.

Yang'anani utsi. Utsi wobiriŵira ukusonyeza kuti injini ikutentha oilo. Suzumirani kunsi muone ngati pakudontha oilo kapena madzi. Tsegulani chotsekera cha oilo. Mukaona thovu looneka ngati tiyi wamkaka, madzi akuloŵa mu injini. Isiyeni imeneyo.

Iyendetseni pa mseu wokumbika, wailesi itazimitsidwa, mumvetsere phokoso la kunsi. Yesani mabuleki, magetsi ndi magiya onse.

Tsopano mapepala. Galimoto iliyonse ili ndi chikalata cha umwini chimene ambiri amachitcha blue book. Dzina la pa chikalatacho lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo. Nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwa pa pepala zifanane ndi zimene zinadindidwa pa galimoto. Apa mpamene kuŵerenga kumene taphunzira kumatipulumutsa. Ŵerengani nokha nambala imodziimodzi. Zikasiyana, mwina galimotoyo njakuba, ndipo apolisi akadzailanda ndalama zanu zapita.

Lembani kalata ya mgwirizano. Mulembemo tsiku, maina anu nonse, nambala ya galimoto ndi ndalama zimene mwapereka. Musaine pamaso pa mboni ziŵiri. Mukatero pitani limodzi ku ofesi ya Road Traffic, monga ya ku Mzuzu, mukasinthe umwini. Dzina lanu lisanalembedwe, pamaso pa lamulo galimotoyo si yanu. Peŵani madobadoba amene amati akuthandizani msanga. Lipirani pa malo oyenera ndipo mulandire lisiti.

Zimene galimoto imadya

Tibwerere ku funso la mayi uja. Galimoto imadya zinthu izi:

Mafuta. Tinene kuti saluni yanu imayenda makilomita 12 pa lita imodzi ya petulo. Ulendo wochoka ku Chitipa boma kupita ku Karonga ndi kubwerako ndi makilomita 200. Gaŵani 200 ndi 12. Yankho ndi malita pafupifupi 17. Chulukitsani 17 ndi mtengo wa lita imodzi lero, mudziŵa ndalama za ulendowo. Pa mseu wadothi ndi wamapiri mafuta amatha msanga kuposa apa. Mtengo wa mafuta amaulengeza a bungwe la MERA, ndipo umasintha. Mafuta akasoŵa, monga zinachitikira mu 2022 ndi mu 2024, a m'zigubu amakwera mtengo, ndipo ena amakhala osakaniza ndi zinthu zoononga injini.

Inshuwaransi. Lamulo silola galimoto kuyenda pa mseu popanda inshuwaransi. Yotsika mtengo imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, koma siikonza galimoto yanu. Yokonza ndi yanu yomwe ndi yokwera mtengo.

COF. Ichi ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto yayesedwa ndipo njoyenera kuyenda pa mseu. Galimoto ya pakhomo imayesedwa chaka chilichonse. Muŵerengerenso mafuta ndi chakudya cha ulendo wopita koyesetsako.

Sevisi. Pa miseu yafumbi, sinthani oilo ndi sefa yake mukayenda makilomita 5,000. Sefa ya mphepo imadzaza fumbi msanga, iyeneranso kuonedwa kaŵirikaŵiri.

Matayala, batire, mashoko ndi mabuleki. Izi zimatha, ndipo pa miseu yathu zimatha msanga. Masipeya ambiri amachokera kutali. Musanagule galimoto, funsani amakaniko a ku boma kuti masipeya a mtundu uti amapezeka mosavuta.

Laisensi. Woyendetsa akhale wa zaka 18 kapena kuposa, ndipo akhale ndi laisensi yake. Mukapatsa galimoto mwana wopanda laisensi nachita ngozi, a inshuwaransi angakane kulipira. Mlandu wonse udzagwera inu.

Zina mwa izi, monga inshuwaransi ndi COF, zimafuna ndalama ngakhale galimoto izingokhala pansi pa mtengo wa mango. Walira mvula walira matope.

Kusamala galimoto tsiku ndi tsiku

Musanayambe ulendo, onani oilo, madzi a mu radiyeta ndi mpweya wa m'matayala. Nyamulani tayala la sipeya, jeke, sipanala ndi pampu. Nthaŵi ya mvula musaiŵale khasu ndi chingwe. Pa malo okumbika yendani pang'onopang'ono, tayala liponde pa mtumbira, osati m'ngalande. Mtsinje ukadzaza, dikirani. Madzi akaloŵa mu injini, yatha.

Kumudzi galimoto imodzi imakhala ya onse. Kukagwa maliro kapena matenda, anthu adzagogoda pakhomo panu, ndipo nkoyenera kuthandizana. Koma gwirizanani poyera za mafuta. Musanyamule anthu oposa asanu, ndipo aliyense amange lamba. Kunyamula anthu olipira popanda chilolezo ndi mlandu. Mukamwa moŵa, makiyi asiyeni kunyumba.

Khalani pansi ndi banja lanu

Tengani kope ndi cholembera. Tsamba loyamba mulembe ndalama zonse zogulira galimoto mpaka itafika pakhomo. Tsamba lachiŵiri mulembe zimene idzadya pa chaka chimodzi. Tsamba lachitatu mulembe ndalama zimene banja limapeza pa chaka, kuchokera ku chimanga, nyemba, ziŵeto, penshoni kapena geni. Muchotsepo za feteleza, fizi ya ana, sopo ndi mchere. Zotsalazo ndizo chakudya cha galimoto.

Ngati zotsalazo zikukwana tsamba lachiŵiri, ndipo mseu wanu ukulola, gulani ndithu. Galimoto idzathandiza banja lanu ndi mudzi wonse. Ngati sizikukwana, palibe chamanyazi kudikira. Ndi bwino kusunga ndalama zapadera zobwerekera galimoto tsiku la matenda, kusiyana ndi kugulitsa ng'ombe zolimira nkutsala ndi galimoto yokhala pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira.

Bambo ndi mayi aja anaŵerengera limodzi usiku womwewo. Atafika pa tsamba lachitatu, bambo anati, "Amayi, ng'ombe zisachoke m'khola. Tidikire tikolole kaye, tikafunsenso za pikapu."

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Nchifukwa chiyani saluni imavutika pa miseu yadothi?
2. Tchulani zolipira zinayi zimene zimaonjezereka pa mtengo wa galimoto yochokera ku Japan.
3. Ndi nambala ziti zimene muyenera kuŵerenga pa blue book musanapereke ndalama?
4. Galimoto imayenda makilomita 12 pa lita imodzi. Idzamwa malita angati pa ulendo wa makilomita 120?
5. Kodi m'mudzi mwanu mumatani munthu akadwala usiku? Kambiranani njira zimene mungathandizirane.