Honda ya ba malume yagona kuseri kwa nyumba: uyambire pati?

Ukayenda mu Mandevu, kudutsa ku Marapodi mpaka ku Chaisa, uziponya maso kuseri kwa nyumba za anthu. Penapake pakati pa chimbudzi ndi khola la nkhuku udzaona njinga yamoto yakale itatsamira khoma, matayala ali phwa, mpando unang'ambika kalekale, pa handulo ba mayi anayanikapo chikolopa. Kuno timangoti honda, olo ikhale Yamaha kapena Gatoma. Mwini wake kawirikawiri ndi mudala amene anagwirapo nchito ya zaulimi kapena ya zaumoyo kumidzi, ndipo ukamufunsa, yankho ndi limodzi: "Ilibe vuto iyi mwana wanga, ni pulagi chabe."

Manje iwe watopa ndi kukangana ndi kondakitala m'mawa uliwonse chifukwa cha chenji. Ukuona anzako akuthamanga mu tauni ndi mabokosi kumsana, akupereka chakudya ndi maphukusi m'maofesi, madzulo ali ndi kenakake m'thumba. Mtima wakuuza kuti honda ija uiutse wekha pakhomo. Zitheka, ndipo anthu osaphunzira umakanika amachita. Koma ndalama za woyamba kumene sizithera mu injini ayi. Zimathera m'changu: kupenta njinga isanalire, kumasula injini yonse usanadziwe chimene ikudwala, ndi kuiwala mapepala.

Yamba ndi mapepalawo, sipanala isanakhudze bawuti iliyonse. Funsa white book. Ukaiona, gwada pansi uwerenge nambala ya chasisi, imene imadindidwa pa khosi la felemu pansi pa handulo, ndi nambala ya injini, uone ngati zikugwirizana ndi zolembedwa. Ngati nambala yapalidwa kapena ikuoneka kuti wina anaimenyanso ndi nyundo, bwerera kunyumba ndalama zako zili m'thumba, olo mtengo ukome bwanji. Pa roadblock wapolisi sadzafunsa kuti unavutika miyezi ingati. Lemberanani kalata yogulitsana, pakhale kope ya NRC ya wogulitsa ndi mboni, kenako mukasinthe dzina la mwini ku RTSA. Njinga imene inali ya boma, ija ya nambala ya GRZ, iyenera kukhala ndi mapepala osonyeza kuti inagulidwa pa okushoni. Ndipo ngati ba malume anamwalira, usadalire mawu a msuweni mmodzi akuti "tenga chabe, palibe wamene aifuna." Tsiku limene idzalire ndi kuwala, abale onse adzakumbukira kuti ndi chuma cha masiye. Kamba ndi administrator wa banja, zilembedwe.

Laisensi nayo ndi nkhani ina. Ya galimoto siikuloleza kukwera njinga yamoto. Pali kalasi A1 ya njinga zosapitirira 125cc, ndi kalasi A ya zokulirapo, choncho Boxer ya 150 ili kale mu A. Onjezapo road tax, inshuwalansi ndi chisoti, uziwerengere m'bajeti kuyambira lero.

Tsopano idziwe njinga yako, chifukwa sizifanana. Ngati wapeza Honda CG125 kapena imodzi mwa za ku China zimene zinakopera injini yake, uli ndi mwayi. Honda inatulutsa CG125 mu 1975, italinganiza injiniyo dala kuti izipirira m'maiko amene anthu amachedwa kusintha oyilo ndipo misewu ndi yafumbi. Mavavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo, alibe tcheni cha mkati chofuna kusamalidwa. Mpaka lero ikupangidwabe ku Pakistan, ndipo makampani a ku China anaikopera kwambiri moti masipeya ake savuta m'mashopu a mu tauni. XL125, ija yaitali ya alangizi a zaulimi, ndi yolimba panjira koma siikhululuka pa oyilo: kamu yake imazungulira pa aluminiyamu ya hedi mwachindunji, ndiye ngati inayendetsedwa ndi oyilo wakuda kapena wochepa, hedi inadyeka, ndipo hedi si yotchipa. Yamaha DT125 ndi AG100 ndi za two-stroke, zimawotcha oyilo wa 2T pamodzi ndi petulo. Izo kufuka utsi ndi chibadwa chake. Ukaziyendetsa popanda 2T, pisitoni imagwira usanafike pa Heroes Stadium.

Usanagule kanthu, ponda kiki pang'onopang'ono ndi dzanja. Ikatsika n'kumamveka kulimba penapake, injini ili moyo. Ikakana kusuntha, usailumphire ndi thupi lonse ngati ukuthyola nkhuni. Chotsa pulagi, thira oyilo pang'ono kapena dizilo pabowopo, uisiye masiku angapo. Kenako ika giya yapamwamba, uzikankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo mofatsa. Nthawi zambiri ndi dzimbiri chabe limene lamata maring'i, ndipo limalekerera.

Injini imafuna zinthu zitatu kuti ilire: moto, petulo ndi mphamvu yopanikiza mpweya. Zonsezi ungaziyese osalipira munthu. Tseka bowo la pulagi ndi chala chachikulu, mnzako aponde kiki. Mpweya ukakankha chala chako n'kuchichotsa, zili bwino. Bweza pulagi mu kapu yake, uigunditse pa chitsulo cha injini, mnzako apondenso. Ukufuna kuona kamoto ka buluu kodumpha. Kachikasu kofooka, kapena kusowa konse, yamba ndi zotchipa: pulagi yatsopano, kapu, mawaya odyedwa ndi makoswe, switchi ya kiyi. Wa pashopu adzathamangira kukuuza ati "boyi, ni CDI iyo, gula na koilo pamodzi." Mwina ndi zoona, koma iye njingayo sanaione. Zamagetsi ukagula sabweza, ndiye bwereka ya mnzako uyesere kaye.

Koma nthenda yeniyeni ya njinga imene yagona zaka ili mu kabureta. Petulo akakhalitsa amauma n'kusiya utomoni wonunkha ngati vanishi, umene umatseka timabowo ta majeti. Masula kambale ka pansi, chotsa fuloti ndi kasingano kake, kenako majeti awiri, yaikulu ndi yaing'ono. Yaing'onoyo ndi imene imachititsa kuti njinga izilira yokha itaima, ndipo bowo lake ndi lochepa moti umaliona pokhapokha utaloza kudzuwa. Apa ndi pamene ambiri amaononga. Amatenga singano ya ba mayi kapena waya wachitsulo n'kutokosa. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, bowo limakula, ndipo kuchokera tsikulo njinga imamwa petulo ngati Hiace yodzaza, pulagi ili bii ndi mwaye, utsi wakuda kumbuyo. Viika majeti mu mankhwala otsukira kabureta, uwauzire ndi pampu. Ngati kutokosa kuli kofunika, solola kaulusi kamodzi ka kopa m'waya wa magetsi.

Kutsuka kabureta n'kusiya tanki yadzimbiri ndi kutaya nthawi, chifukwa zinyalala zidzatsikanso tsiku lomwelo. Chotsa tanki, ikamo manati ndi mabawuti odzaza dzanja ndi palafini pang'ono, uikhutchumule mpaka mikono iwawe. Werenga manati polowetsa ndi potulutsa. Dzimbiri likakhala lambiri, viniga wogonamo usiku umathandiza, koma m'mawa tsukuluza bwino ndipo uumitse msanga padzuwa. Pa paipi yopita ku kabureta ikapo kafyuluta kaja koonekera mkati. Tanki ikakhala yobooka, usaitengere kwa owotcherera a mu Katima Mulilo Road ku Garden ikununkhabe petulo. Chimene chimaphulika ndi mpweya wotsalira mkati, olo tanki ioneke youma. Muuze mmisiri chilungamo kuti munali petulo, iye adziwa motsukira.

Pamenepa tikambeko za pabwalo, poti iwe ulibe galaji. Pakhomo pamene ukugwirira nchito ndi pomwe ba neba akupemerera mbaula, makamaka magetsi akapita, ndipo ana akuthamanga paliponse. Petulo ndi mbaula zisaonane, olo patali mamita angapo, chifukwa mpweya wa petulo umayenda pansi. Palafini kapena petulo usaike m'botolo la maheu kapena la zakumwa, mwana waludzu sawerenga. Usalizire injini m'chipinda chotseka, utsi wake umapha mofanana ndi mbaula yogona nayo m'nyumba. Oyilo wakale usathire mu ngalande, sunga m'chigubu, alipo amene amapaka matabwa kuopa chiswe. Ndipo ba landilodi uwauziretu. Ukangoyamba mwakachetechete, tsiku limene adzaone banga la oyilo pa simenti yawo udzamva: "Imwe, apa si pa garage. Mwezi ukasila mufune kwina." Yala katoni kapena lata lakale pansi, ndipo kuyesa injini 05:00 Lamlungu usiye.

Pa zida usadzivute. Sipanala za 8, 10, 12, 14 ndi 17, ya pulagi, pulayala, ndi impact driver ija yomenya ndi nyundo zikufikitsa patali. Yomalizayi ndi yofunika chifukwa masikuluu a njinga za ku Japan amaoneka ngati a sitala wamba koma mutu wake ndi wosiyana pang'ono, ndipo sikuludiraiva wamba amangowafafaniza. Chida chako chachikulu ndi foni. Jambula chilichonse usanamasule, makamaka mawaya a mkati mwa nyale. Mabawuti a chivundikiro cha injini satalika mofanana, choncho jambula chivundikirocho pa katoni, uboole, bawuti iliyonse uibaye pamalo pake. Pomanga kumbukira kuti ukumangira mu aluminiyamu. Ukamva yagwira, onjeza pang'ono chabe. Ukakoka ngati nati ya wilibala, mazinga amatha.

Usanailize koyamba, khetsa oyilo wakale. Injini ya mtundu wa CG imalowa pafupifupi lita imodzi, ndipo pa chotsekera chachikulu cha m'munsi pali kasefa kawaya koyenera kutsukidwa. Gula oyilo wa njinga zamoto, wolembedwa 4T ndi JASO MA pa botolo, chifukwa kilachi imasambira mu oyilo yemweyo ndipo oyilo wina wa galimoto umaichititsa kuterereka. Mavavu a CG125 amafuna mpata wa 0.08 mm injini ili yozizira, ndipo feeler gauge yoyezera ndi yotchipa. Siponji ya fyuluta ya mpweya ikakhala yofumbutuka, sintha. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala la muno mu komboni likalowa mu injini limagwira nchito ya sandipepa.

Ikalira, tchera khutu ndipo yang'ana kumbuyo. Utsi wa mphindi zoyamba ndi oyilo uja unathira pa pisitoni. Utsi wa buluu wosatha pa injini ya four-stroke ndiye kuti maring'i kapena silinda zadyeka. Apo ndi pamene uyenera kutsegula pamwamba, ndipo kukulitsa silinda si nchito ya pakhomo. Itengere ku ma engineering a ku industrial area, ayeze, akuuze ngati ikufuna pisitoni ya 0.25 kapena 0.50, ndipo ugule pisitoniyo asanayambe kudula. Kugawa injini pakati, kumene kuli magiya ndi kirankishafuti, ine ndingati woyamba kumene asachite yekha. Lipira makanika, koma ukhale pambali pake ukuona. Mu Mandevu anthu a manja sasowa. Akuluakulu amati dzina lenilenilo linachokera ku ndevu za Apositoli ochokera ku Zimbabwe amene anakhazikika kuno ndi ku Marapodi, odziwika ndi kusula zidebe, mabafa ndi mbaula. Funsa anyamata okwera njinga kuti amakonzetsa kwa ndani. Makanika wa magalimoto ndi wa njinga si mmodzi.

Tsiku limene idzalire, komboni yonse idzabwera, ndipo padzapezeka wina wonena kuti "tiye tiizungulutseko pa Great North." Kana. Njinga yolira ndi njinga yoima ndi zinthu ziwiri. Tsegula mawilo onse uone mabuleki. Pa njinga yogona nthawi yaitali, chikopa cha ma brake shoe chimatha kumatuka n'kutsekereza wilo uli pa liwiro, ndiye sintha olo zioneke zonenepa. Kebulo imene yayamba kuthothoka timawaya sinthanso. Pa tayala pali manambala anayi osonyeza tsiku limene linapangidwa: 2314 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Tayala lotero likhoza kukhala ndi mano onse, koma mphira wake unauma, ndipo mvula yoyamba ikagwa pa tara limaterera ngati sopo. Tcheni ndi masiporoketi onse awiri zimasinthidwa pamodzi, tchenicho chizisewera pafupifupi masentimita 2 pakati, ndipo kakilipu kolumikizira kayang'anitse mbali yake yotseka kumene tcheni chikupita.

Ulendo woyamba ukhale pa bwalo la mpira kapena mumsewu wa mkati wopanda ana, chisoti chili kumutu ndi chomanga, nsapato zotseka, osati mapatapata. Great North Road ili ndi mathiraki opita ku Copperbelt ndi ku Nakonde, ndi mabasi amene amaima paliponse kondakitala akangomenya chitseko. Kumeneko udzapita uli ndi laisensi, nyale, mainjiketa ndi hutala zikugwira.

Penti ndi masitika zibwere pomaliza, njinga itayenda milungu ingapo osadontha kanthu. Ukapenta msanga, sipanala ndi petulo wotayika zidzakanda zonse pomwe ukumasulanso kabureta kachitatu. Nthawiyo ikafika, pala dzimbiri mpaka chitsulo chioneke, paka primer, ndipo pa ekizozi gula penti yopirira kutentha, chifukwa ya wamba imapsa tsiku loyamba. Pa nambala ya chasisi matapo tepi, izioneka bwino pamene a RTSA akuiwerenga.