Pamene Nyumba ya Nyenyezi Inasanduka Bwalo la Nyimbo Zachilendo

Wolemba Mtolankhani Wathu

Madzulo a pa 28 May, 1957, anthu a mu mzinda wa San Francisco ku Amereka analowa m'nyumba yotchedwa Morrison Planetarium, mmene masiku onse munali kuphunzitsidwa za nyenyezi. Koma usiku umenewo sikunali phunziro. Nyali zitazimitsidwa, kunamveka kulira kosadziwika kumene kunayenda m'mbali mwa khoma nkuzungulira nyumba yonse, ndipo pamwamba pa mitu ya anthu panayamba kuoneka kuwala kosinthasintha. Umu ndi mmene anayambira masewero otchedwa Vortex, amene anakhala zaka ziwiri zokha, koma odziwa mbiri ya kanema amawatchulabe kufikira lero.

Owerenga ena angafunse kuti planetarium nchiyani. Ndi nyumba ya denga lozungulira ngati mbale yovundikira, ndipo pakati pake pamakhala makina oponya kuwala kudengako kuti lioneke ngati thambo la usiku. Ya ku San Francisco inatsegulidwa m'chaka cha 1952 ndi bungwe la sayansi la California Academy of Sciences, ndipo denga lake linali la mapazi 65 kupingasa kwake. Makina ake a nyenyezi anapangidwa ndi antchito a bungwelo ndi manja awo, pakuti nkhondo yachiwiri itatha kunali kovuta kupeza makina a Zeiss a ku Jeremani amene nyumba zina zotere zinali nawo.

Eni masewerowa anali awiri. Bambo Henry Jacobs anali kugwira ntchito pa wailesi ya KPFA ku Berkeley, imene inali kuyenda ndi ndalama zosonkha omvera ake. Iwo anali kuulutsa nyimbo za mitundu yosiyanasiyana ya anthu, ndiponso anali ndi luso lodula tepi ya mawu, kuilumikiza mwa mtundu wina, kuiyendetsa chammbuyo kapena pang'onopang'ono kufikira mawu wamba atasanduka chinthu china. Mnzawo, Bambo Jordan Belson, anayamba monga wojambula zithunzi ndi utoto, kenaka anatembenukira ku kanema wopanda anthu ndi wopanda nthano, wa mitundu ndi maonekedwe okhaokha.

Nyimbo za makina zinali zatsopano ndithu m'masiku amenewo. Ku Paris, m'chaka cha 1948, Bambo Pierre Schaeffer anajambula kulira kwa sitima zapamtunda nakusanja kukhala nyimbo. Ku Cologne, m'chaka cha 1956, Bambo Karlheinz Stockhausen anasakaniza mawu a kamnyamata koimba ndi kulira kwa magetsi, nkhani yake ili ya anyamata atatu aja a m'buku la Danieli amene anaponyedwa m'ng'anjo ya moto. Ku Vortex kunamveka ntchito za Bambo Stockhausen, za Bambo Toru Takemitsu a ku Japan ndi za Bambo Vladimir Ussachevsky, komanso nyimbo za ku Bali ndi ng'oma za ku Cuba. Chotero munthu wolowa m'nyumbamo sanali kudziwa ngati chimene adzamva ndi mkuwa wa chipembedzo cha makolo a kutali kapena waya wa magetsi.

Chimene chinasiyanitsa masewerowa ndi kungomvera gilamafoni kunyumba ndi kayendetsedwe kake. Kuzungulira chipinda chonse kunali zokuzira mawu zoposa 30, ndipo Bambo Jacobs anali ndi chogwirira chimene pochitembenuza mawu anali kuchoka pa chokuzira china kupita pa china, mofulumira kapena modekha monga iwo afunira. Dzina lakuti Vortex limatanthauza kamvuluvulu, ndipo linachokera pa kuzungulira kumeneku.

Bambo Belson anali ndi vuto lawo. Aliyense amene anaonerapo kanema adziwa kuti chithunzi chimakhala ndi ngodya zinayi, ndipo ngodyazo zimakumbutsa woonera kuti akuyang'ana nsalu. Iwo anaphimba m'mphepete mwa zithunzi zawo kuti malire asaoneke konse, nadetsa dengalo kufikira litasowa m'maso. Pamenepo kadontho ka kuwala sikanali kuoneka ngati kali padenga, koma ngati kakuyandama patali kumene diso silingathe kuyesa. Anagwiritsa ntchito makina a kanema, makina a zithunzi zosayenda, nyali zophethira, ndi makina a nyenyezi omwe aja, pamodzi ndi zidutswa za kanema wa anzawo Bambo James Whitney ndi Bambo Hy Hirsh. Zambiri mwa izi zinali kuyendetsedwa ndi manja pa nthawi yomweyo, anthu ali chipenyere.

Kodi zotere tingazitche nyimbo? Panalibe woimba wooneka, panalibe mawu oti munthu atsatire, ndipo panalibe wovina. Anthu anangotsamira m'mipando nkhope zili kumwamba. Ife amene tinaphunzira kuimba ndi do, re, mi tingafulumire kunena kuti limeneli ndi phokoso chabe. Komatu phokoso limagwa mwangozi, pamene apa munthu anasankha liwu lililonse, malo ake ochokera, ndi kuwala koyenera kutsagana nalo. Ngati kusanja mawu mwa dongosolo kuti akhudze mtima ndiko kuimba, anthu awiriwa anali kuimba, chinkana choimbira chawo chinali nyumba yathunthu.

Anthu anabwera ambiri, ndipo mbiri inafika ku Ulaya. M'chaka cha 1958 awiriwa anaitanidwa ku chionetsero chachikulu cha maiko onse ku Brussels. Kumeneko kunalinso nyumba ya kampani ya Philips, yokonzedwa ndi Bambo Le Corbusier ndi Bambo Iannis Xenakis, mmene nyimbo ya Bambo Edgard Varèse ya mphindi 8 inali kumveka pa zokuzira mawu mazanamazana pamodzi ndi zithunzi pamakoma. Koma ya Philips inali kuyenda yokha ndi makina, chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo nyumbayo inagwetsedwa chionetsero chitatha.

M'chaka cha 1959 masewero a Vortex analekeka, pakuti eni ake sanagwirizanenso ndi akuluakulu a planetarium. Apa pali nkhani imene aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma aidziwa bwino: mwini nyumba ya anthu onse ndani, ndipo angaibwereke ndani? Akuluakuluwo sitingawaweruze msanga. Nyumbayo inamangidwa kuti iphunzitse sayansi, makina ake analibe ena ofanana nawo oti nkugula akawonongeka, ndipo m'mwezi wa October, 1957, a ku Russia anali ataponya Sputnik kumwamba, kotero kuti Amereka yense anali kufuna ana odziwa masamu ndi nyenyezi zenizeni. Ngakhale zili tero, ife tiganiza kuti anataya chinthu cha mtengo. Masewerowa sanalande malo a phunziro, ndipo anabweretsa pakhomo la sayansi anthu amene mwina sakanapondapo.

Kampani ya Folkways inatulutsa mbale ya gilamafoni ya zina mwa nyimbozo m'chaka chomwecho cha 1959. Bambo Belson anatenga zina mwa zithunzi za ku Vortex napanga kanema wamfupi wotchedwa Allures m'chaka cha 1961, amene boma la Amereka linamuika m'kaundula wa akanema oyenera kusungidwa m'chaka cha 2011, chaka chimene mwini wake anamwalira. Dzina lakuti ambient, lonena nyimbo zodekha zodzaza malo monga fungo lidzaza chipinda, linafala pambuyo pake ndi Bambo Brian Eno a ku Mangalande m'chaka cha 1978, ndipo oimba a mtundu umenewu kawirikawiri amaimba m'mdima, kanema akuoneka kumbuyo kwawo. Nyumba yakale ya Morrison inagwetsedwa, ndipo yatsopano ya dzina lomwelo inatsegulidwa pamalo pomwepo m'chaka cha 2008. Bambo Jacobs anamwalira m'chaka cha 2015.