Singano ya dokotala sichotsa impso

Ku Mlowe nyanja ndiyo munda, ndiyo bafa, ndiyonso msewu. Mwana amadziwa kusambira asanadziwe kulemba dzina lake. Ndiye mnyamata akayamba kukodza magazi, akuluakulu ena a m'mbali mwa nyanja sadzidzimuka. Amati wakula ameneyo. Sanena monyozera ayi; iwonso adakodzapo magazi ali ana, ndipo si awa ali moyo?

Komatu magaziwo ndi likodzo. Tizilombo take timachoka mu nkhono za m'madzi, timaboola khungu la wosamba kapena wochapa, n'kukakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Mazira ake ndiwo amavulaza chikhodzodzocho. Zaka zikamapita, zipsera zimatha kutseka njira zotsitsa mkodzo kuchokera ku impso, mkodzo n'kumabwerera, impso n'kumafufuma mwakachetechete. Mankhwala ake, praziquantel, amagawidwa ngakhale m'masukulu.

Palinso za kutupa. Munthu akadzuka nkhope itatupa, madzulo mapazi osalowa mu nsapato, pamudzi timafulumira kunena kuti waponda mankhwala, wina adamtchera panjira. Komatu vuto likhoza kukhala impso. Impso iliyonse ili ndi tisefa pafupifupi 1,000,000, ndipo ziwirizo zimasefa malita okwana 180 pa tsiku, n'kutaya lita imodzi ndi theka yokha ngati mkodzo. Tisefato tikayamba kudontha, zomanga thupi zimathawira mu mkodzo, mkodzo umachita thovu ngati wathiramo sopo, madzi n'kudzaza m'thupi. BP, shuga, HIV ndi malungo aakulu zimawononga impso. Brufen ndi diclofenac amene msodzi amamwa tsiku ndi tsiku msana ukamawawa ndi nkhafi nawonso amazipweteka, chimodzimodzi zitsamba zina zosadziwika muyezo.

Koma mantha aakulu amabwera dokotala akati, “Bambo, tifunika kutengako kachidutswa ka impso tikapime.” Apa ena amanyamula chikwama usiku n'kubwerera kumudzi. Akufuna kundichotsa impso akagulitse, amatero. Ine sindiwaseka. Dziko lino lidaona mphekesera za anamapopa ku Mulanje mu 2017, anthu mpaka kuphedwa, ndipo munthu amene sadafotokozeredwe bwino ali ndi chifukwa choopera.

Zimene zimachitika ndi izi. Wodwala amagona chafufumimba, dokotala amaona impso pa makina a sikani, amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, kenako amalowetsa singano kumsana. Chimene chimatuluka ndi kanyama kowonda ngati ulusi wosokera ukonde, kotalika sentimita imodzi kapena ziwiri. Impso imatsala pamalo pake. Kanyama kotero sikangaikidwe mwa munthu wina, sikangagulitsidwe. Wodwala amagona maola angapo akumuyang'anira, chifukwa nthawi zina pamatuluka timagazi.

Kanyamako amakaika m'mankhwala a formalin kuti kasawole, amakaumitsa mu phula, n'kukadula mopyapyala kuposa khoko la anyezi. Akakapaka utoto, katswiri wa pathology amakayang'ana pa maikulosikopu, kasefa kamodzikamodzi. Iyeyu mwina sadzaonana ndi wodwalayo, koma lipoti lake ndilo limauza dokotala chochita. Anthu awiri akhoza kutupa mofanana matenda ali osiyana: wina prednisolone amuchiritsa, wina mankhwala omwewo angomuonjezera shuga ndi BP popanda phindu. Luso lowerenga tinyama ta m'thupi limaphunzitsidwa ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe idatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe nako kuli labotale yopima tinyama totere kuyambira 2011, mothandizana ndi University of North Carolina.

Si aliyense wodwala impso amene amabayidwa singano imeneyi. Ambiri kupima mkodzo, magazi ndi BP kumawakwanira. Ndipo impso zikafota kale, singano ilibenso chonena. Chotsala ndi makina osefa magazi a dialysis, onga a ku Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, ulendo wautali kwa munthu wa ku Mlowe, kangapo pa sabata.

Amayi ndi abambo, mwana akakodza magazi, kapena inu mukaona thovu mu mkodzo ndi kutupa kwa nkhope, musadikire mwezi wamawa. Pitani kuchipatala akapime mkodzowo sabata yomwe ino.