Pulogalamu Ikakana Kulowa mu Raspberry Pi

Raspberry Pi ndi kakompyuta kokwana m'chikhatho, zonse zili pa bolodi imodzi. Kanayamba kugulitsidwa mu February 2012, ndipo Eben Upton ndi anzake a ku Cambridge anakapanga kuti ana aziphunzira kulemba mapulogalamu pa chipangizo chotsika mtengo. Kamadya magetsi ochepa, moti sola ya pasukulu ku Santhe kapena ku Nkhamenya ikhoza kukayendetsa bwinobwino. Mutu umaima pofuna kuikamo pulogalamu yatsopano. Mwalemba sudo apt install, mwadina Enter, koma pagalasi pangodzaza mizere ya Chingerezi yodandaula.

Ambiri zikatere amafufuta memori khadi yonse n'kuyambiranso. Kumeneko n'kutaya bandulo ndi tsiku lomwe. Kuno ku Kasungu cholakwa kawirikawiri sichikhala pulogalamuyo ayi, koma magetsi, nthawi, netiweki kapena khadi. Kompyutayo imanena yokha chimene chavuta, bola muwerenge mofatsa mizere yakumapeto. Chingerezicho chisakuopseni. William Kamkwamba wa kwa Masitala ku Wimbe anamanga makina amphepo opanga magetsi ali ndi zaka 14, Chingerezi chikumuvuta, pongotsatira zithunzi za m'buku la mulaibulale.

Magetsi ndiye chiyambi. Pi 4 imafuna mavoti 5.1 ndi ma amp 3, zimene machaja ambiri a foni a pamsika sakwanitsa. Mphamvu ikatsika kufika pansi pa mavoti 4.63, pakona ya galasi pamabwera chenjezo, ndipo kompyutayo imayamba kuyenda mwaulesi. Choopsa kwambiri n'chakuti magetsi azime pulogalamu ili pakati polowa. Mukadzayatsanso, apt imakana chilichonse n'kunena kuti "dpkg was interrupted". Lembani sudo dpkg --configure -a kuti imalize zimene inasiyira panjira, kenako sudo apt --fix-broken install. Amene mumadalira sola, ntchitoyi muziigwira masana dzuwa lili paliwombo, batire litakhuta. Madzulo, mababu ndi mafoni a mudzi wonse akuyamwa batire lomwelo, si nthawi yake.

Vuto la nthawi ndi limene limazunguza anthu kwambiri, chifukwa palibe amaliganizira. Ma Pi onse amene anatuluka Pi 5 isanabwere mu 2023 alibe wotchi yoyendera batire. Nthawi amaimva kuchokera pa intaneti. Pi imene yagona m'kabati ya aphunzitsi aakulu tchuthi chonse imadzuka ikuyesa kuti likadali tsiku lotsekera sukulu. Ikalandira mndandanda wa mapulogalamu wolembedwa deti la lero, imauona ngati wochokera kutsogolo, n'kuukana ndi mawu oti "not valid yet". Lembani date muone tsiku limene ikuganiza. Likakhala lolakwika, ilumikizeni ku intaneti n'kudikira mphindi ziwiri, kapena likonzeni nokha ndi sudo date -s, motsatira ndi deti ndi nthawi yoona.

Pa netiweki, onetsetsani kuti bandulo ya pafoni imene mukugawirako intaneti ndi yotsegula chilichonse. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha sifika kumaseva a apt. Mukaona "404 Not Found", ndiye kuti mndandanda umene Pi yanu yasunga ndi wakale, ikuitanitsa zinthu zimene zinasinthidwa kale, ngati mlimi wofika ku Chinkhoma ndi mitengo ya fodya ya chaka chatha. Yambani ndi sudo apt update nthawi zonse. Koma ngati khadi ili ndi Stretch, mtundu wakale wa Raspberry Pi OS wa mu 2017, musavutike nayo. Apo pokha kuika Raspberry Pi OS yatsopano n'koyenera.

Khadi ikadzaza, df -h idzakuonetsani, ndipo sudo apt clean imachotsa zotsalira. Makhadi achinyengo, olembedwa 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa, amaononga mafayilo mwakachetechete. Gulani kwa wogulitsa amene mungathe kumubwerera.

Pali chinanso chimene chimachitika chifukwa chosunga bandulo. Mnzanu wakukoperani fayilo ya .deb pa fulashi kuchokera pa laputopu yake. Dzina lake likathera ndi amd64, pa Pi silowa, chifukwa ubongo wa Pi ndi wa mtundu wa ARM. Imafuna arm64 kapena armhf, ndipo dpkg --print-architecture idzakuuzani yoyenera. Ophunzira Python nawo adziwe kuti kuyambira pa Raspberry Pi OS ya Bookworm ya mu 2023, pip imakana kuika zinthu mwachindunji. Pangani kaye malo apadera ndi python3 -m venv, muikemo zanuzo.

Zonsezi zikakanika, jambulani galasi lonse ndi foni musanazimitse, kuti wokuthandizani aone mawu enieniwo. Kungomuuza kuti "yakana" sikumupatsa poyambira. Ndipo inu oyang'anira Pi ya pasukulu, tsiku limene zonse zayenda bwino koperani khadiyo pa ina, muisunge mu envelopu yolembedwa deti.