Poker ya Masenti ndi Tikiti ya Mpira

Pa intaneti pali matebulo a poker amene munthu amakhalapo ndi madola 2 okha. Pamenepo masewera amayambira pa senti imodzi ndi masenti awiri, ndipo m'maiko ambiri alipo anthu amene amathera madzulo pamatebulo amenewa monga ena amathera pa bawo. Kwathu kuno chofala ndi tikiti yobetchera mpira, imene nayonso imadulidwa ndi ndalama yochepa. Zonsezi ndi juga, tisabisane. Zimasiyana pa yemwe ukulimbana naye.

Wobetcha mpira amalimbana ndi kampani, ndipo phindu la kampaniyo lili kale m'ma odds. Tinene kuti pali zinthu ziwiri zimene zingachitike mofanana, chilichonse chapatsidwa 1.90. Wina waika K1,000 uku, wina K1,000 uko. Wopambana alandira K1,900, kampani itsala ndi K100 mpira usanayambe n'komwe. Zikuoneka zochepa, koma ambiri sadula gemu imodzi. Amasanja magemu 10 pa tikiti imodzi kuti ndalama ichuluke, ndipo kagawo aka kamadulidwa pa gemu iliyonse. Pa ma odds oterowo, mwa K1,000 iliyonse yoikidwa pa matikiti otere, pafupifupi K400 imatsalira kampani. Ndipo tikiti ikadulidwa, mwini wake amangodikira, maso pafoni.

Mu Texas Hold'em, poker yotchuka kwambiri, aliyense amalandira makhadi 2 obisika, ndipo makhadi 5 amayalidwa pakati kuti onse agwiritse ntchito. Olimbana nawo ndi anthu anzako. Kampani imangotapa kagawo kake, nthawi zambiri pafupifupi 5 pa 100, pa ndalama zimene zaunjikana pakati. Chimene ndimachiona chamtengo ndi chakuti wosewera ali ndi ufulu wotaya makhadi ake. Odziwa amataya ambiri mwa makhadi amene alandira, n'kumadikira nthawi yoyenera. Amawerengera mwayi wakuti khadi lofunika libwere, amakumbukira amene amaopseza anzake alibe kanthu m'manja. Izi zimaphunzirika, ndipo wophunzira amaona kusintha. Komabe kagawo ka kampani kaja kamachititsa kuti osewera ambiri azitsala ndi zochepa kuposa zimene anaika.

Poker ilinso ndi nthano yake yokopa anthu. Mu 2003 Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, analowera pa mpikisano waung'ono wa pa intaneti wa kampani ya PokerStars n'kukapambana madola 2.5 miliyoni ku World Series of Poker ku Las Vegas, pakati pa osewera 839. Nkhani yake ndi yoona, koma ntchito imene imagwira m'mutu mwa munthu ndi yofanana ndi ya chithunzi cha wopata jackpot.

Pamene poker imaopsa kuposa mpira ndi pa liwiro. Mpira umafuna mphindi 90; ulendo umodzi wa makhadi pa intaneti ungathe m'mphindi imodzi, ndipo munthu angatsegule matebulo angapo nthawi imodzi, usiku wonse. Wodyedwa mtima ukawawa amasamukira pa tebulo la ndalama zambiri kuti abweze zake. Apo zamasenti zija zatha. Ndalama zosungitsa kukampani nazonso si zako kwenikweni mpaka utazitapa: boma la America litatseka mawebusaiti a makampani akuluakulu a poker m'dzikolo pa 15 April 2011, osewera ambiri a Full Tilt Poker anadikira zaka kuti alandire zawo. Komanso kwa wolandira makwacha, madola 2 si ndalama yoseweretsa.

Pa ziwirizi, ine ndikuona kuti poker ya masenti ndiyo ingatchedwe chosangalatsa cha nthawi yopuma, chifukwa imagwiritsa ntchito mutu. Koma ngati mukufuna kuiyesa, patulani ndalama ya mwezi wonse musanatsegule foni, ndipo ikatha musawonjezere.