Kusankha ma subject ku Fomu 3 ndi nkhani ya makalabu: muwauze ang'ono anu izi

Sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, m'makomo ambiri m'tauni muno nkhani imakhala ya yunifolomu, nsapato ndi makope. Koma pali nkhani ina yomwe imadutsa mwakachetechete, chonsecho ndi imene imatsegula kapena kutseka zitseko za mwana kutsogolo: maphunziro amene asankhe kutenga, komanso zomwe amachita belu lowerukira likalira. Ambiri amene mukuwerenga pano muli ndi mng'ono, mlongo kapena mphwanu amene ali Fomu 1, Fomu 2 kapena wangolowa Fomu 3. Ndiye ndati ndifotokoze mmene zimayendera, kuti akakufunsani musangoti "tenga zophwekazo aise."

Tiyambe ndi mmene sekondale yathu inakhalira. Fomu 1 ndi 2 ndi gawo loyamba, ndipo limathera pa mayeso a JCE. Mayesowa boma linawathetsa, omaliza analembedwa mu 2016, koma anabwereranso mu 2021. M'zaka ziwirizi mwana amalawa maphunziro ambiri. Akafika Fomu 3, sukulu zambiri zimawagawa ana, ena kumbali ya sayansi, ena kumbali ya History, Geography, Bible Knowledge ndi Social Studies. Chingerezi ndi Masamu palibe kuthawa. Ena ngati French, Computer Studies, Home Economics, Business Studies, Woodwork, Metalwork ndi Technical Drawing amatengera ngati sukuluyo ili ndi mphunzitsi ndi zipangizo zake. Amene munalemba kale kumbukiraninso kuti Physical Science ija kulibenso: silabasi yatsopano itabwera, inagawidwa pawiri, Physics payokha, Chemistry payokha.

N'chifukwa chiyani kusankhaku kuli nkhani yaikulu? Yankho lili pa MSCE. A MANEB amapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 walephera. Mapointi amene timafunsana aja amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, n'chifukwa chake katswiri weniweni amapeza 6 points. Kuti munthu apikisane nawo pa malo a m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, amafunika ma credit 6, Chingerezi chili pomwepo.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mapointi okha sakwanira, kosi iliyonse imakhala ndi maphunziro ake amene imayang'ana. Wofuna udokotala kapena za mankhwala ku KUHeS afunika Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Wofuna uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST sangazembe Masamu ndi Physics. Za ulimi ku LUANAR nazo zimadalira sayansi. Ndiye mwana akhoza kupeza mapointi okongola, mudzi wonse n'kululutira, koma poti anadropa Chemistry ali Fomu 3 chifukwa anzake anamuopseza kuti ndi yovuta, fomu ya NCHE ikabwera apeza kuti kosi imene amailota siikumulola. Chitseko chinatsekedwa ali ndi zaka 15, iye osadziwa.

Sindikunena kuti aliyense athamangire sayansi, ayi. Dziko likufunanso aphunzitsi, atolankhani, akatswiri a zilankhulo ndi owerengera ndalama. Ndipo amene manja ake amagwira bwino Woodwork kapena Technical Drawing ali kale ndi poyambira akadzapita kusukulu za ntchito zamanja kudzera ku TEVETA. Mfundo yanga ndi yoti mwana asankhe akudziwa kumene njirayo ikupita, osati chifukwa mnzake wapamtima ali kalasi inayo kapena aphunzitsi a phunzirolo ndi aukali.

Tinene chilungamo, ana ena sasankha n'komwe. M'ma CDSS ambiri labu kulibe, makompyuta kulibe, mphunzitsi wa Physics ndi mmodzi kapena palibiretu. Mwana amangotenga zomwe zilipo. Apa mpamene makolo ayenera kuyankhula pa msonkhano wa PTA, kufunsa aphunzitsi aakulu kuti ana akayesera kuti ma practical, komanso ngati n'zotheka kugwirizana ndi sukulu yoyandikana nayo imene ili ndi labu.

Tsopano za makalabu. Pali maganizo amene afala oti chilichonse chosalembedwa pa mayeso n'kutaya nthawi, moti ana akangoweruka amathamangira ku part-time mpaka mdima. Ine ndikuona kuti apa tikuwamana ana zinthu zofunika. Makalabuwa sanayambe dzulo. SCOM yakhala m'sukulu zathu kuyambira 1961, ndipo a Katolika ali ndi YCS. Makalabu a Wildlife amayenda ndi bungwe la WESM, lomwe mbiri yake inayamba mu 1947. Makalabu a Edzi Toto anathandiza achinyamata kukambirana za HIV nthawi imene akuluakulu ankachita nayo manyazi nkhaniyi. Kuli mipikisano ya zisudzo za Chingerezi ya ATEM, kuli zisudzo za French, kuli mtsutso, kwaya, Scout ndi Girl Guides. Zamasewera m'sukulu, mpira wamiyendo, wamanja ndi kuthamanga, zimayendetsedwa ndi MASSA.

Phindu lake n'lotani? Choyamba, Chingerezi chija chimene chikapanda kukhozedwa satifiketi siituluka, mwana amachizolowera msanga akamachiyankhula pa mtsutso kapena pa sewero kusiyana n'kungoloweza manotsi. Chachiwiri, kalabu ndi malo amene mwana amayeserako zomwe amakonda asanasankhe. Amene amasangalala ku kalabu ya sayansi kapena ya Wildlife ali Fomu 1 amafika Fomu 3 akudziwa kale mbali yake. Chachitatu, kukhala mlembi kapena msungichuma wa kalabu kumaphunzitsa kulemba maminitsi, kusunga ndalama za gulu ndi kuima pamaso pa anthu osanjenjemera, zinthu zomwe pa intavyu ya ntchito zimaonekera pompo. Ndiye palinso ichi: mwana amene ali ku kwaya kapena kubwalo 3 koloko masana sali pa shabini kapena pa betting.

Komabe zonse zili ndi malire. Mwana wa makalabu asanu, tsiku lililonse kubwera kunyumba kutada, homuweki osagwira, ameneyo wasochera. Kalabu imodzi kapena ziwiri zakwana. Makamaka kwa atsikana oyenda mtunda wautali, makolo adziwe tsiku la kalabu, nthawi yomalizira, ndi dzina la mphunzitsi amene amayang'anira. Ulendo uliwonse wa kalabu ukhale ndi kalata yochokera ku ofesi ya sukulu, osati uthenga wa pa WhatsApp basi.

Ndiye inu achimwene ndi achemwali, ntchito yanu nayi. Khalani naye pansi mwanayo, mumufunse chimene akufuna kudzakhala. Tengani foni yanuyo, bandulo ya TikTok ija muigwiritseko ntchito pofufuza zomwe NCHE imafuna pa kosi imeneyo, muyerekeze ndi lipoti lake la teremu yatha. Ngati akufuna kudropa phunziro, apite kaye akacheze ndi mphunzitsi wa phunzirolo, ndipo zonsezi zichitike asanalembetse mayeso ku MANEB, chifukwa dzina likangopita ndi maphunziro olakwika, kukonza kwake n'kovuta. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Nanga kusukulu kwanu kunali makalabu anji, ndipo alipobe? Tiuzeni, makamaka inu a m'ma CDSS a m'tauni muno, tidziwe sukulu zimene zikusowa aphunzitsi a sayansi kuti nkhaniyi tikaifikitse kwa oyenera.